KATETE: TAUNI YA ALIMI PA MSEU WA KUM'MAWA

Munthu wocokera ku Lusaka pa mseu waukulu wa kum'mawa, ataoloka ulalo wa Luangwa ndi kupitirira Nyimba, Petauke ndi Sinda, amayamba kuona mapiri a Mphangwe, ndipo posacedwa afika pa Katete. Kucokera ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500, ndipo kuti afike ku Chipata kwamtsalira makilomita pafupifupi 85. Ambiri a apaulendo saona zambiri za malo ano. Basi iima kanthawi pa Katete Stores, iwo agula nthoci kapena nshawa zokazinga pa windo, basi inyamukanso. Akafika kwao amanena kuti Katete ndi mzere wa masitolo cabe.

Koma tauni imeneyi iri pa mphambano. Apa ndi pamene mseu wina upatuka kulowera kum'mwera, kupita ku cipata ca malire ca Chanida, makilomita oposa 50, ndi kupitirira mpaka ku Tete m'dziko la Mozambique ndi ku doko la Beira. Malole akuluakulu a katundu wa m'maiko akutali amadzera pomwepa usana ndi usiku. Ngakhale ziri tero, amene asunga moyo wa tauni ndi ngolo ya ng'ombe ndi njinga yosenza matumba awiri kucokera ku midzi ya Mfumu Mbang'ombe ndi Mfumu Kawaza. Caka cimene alimi akolola bwino, eni masitolo amagulitsa malata, njinga, nsalu ndi mapulao. Amisiri omanga apeza nchito. Ana alowa sukulu ndi nsapato. Caka ca cilala masitolo omwewo amakhala pululu, mwini ali pakhomo kuwerenga malole opita. Pa kalembera wa 2010, boma la Katete linali ndi anthu oposa 240,000, ndipo unyinji wao unali wa alimi a m'midzi. Mu 2012 mbali ina inapatulidwa kukhala boma la Sinda.

M'MENE ULIMI UNAFIKIRA PAMENE ULIPA

Akuluakulu amakumbukira kuti nthaka ya dera lino inakhalapo m'manja mwa kampani. Kampani ya North Charterland, imene inayamba mu 1895, inatenga dziko lalikulu la cigawo ca kum'mawa, ndipo Angoni a Mpezeni atagonja pa nkhondo ya 1898 panalibenso woiletsa. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu ambiri anasamutsidwa ndi kuunjikidwa m'malo ocepa ochedwa marizevu, kuti malo otsalawo adikire Azungu odzalima fodya. Azunguwo sanabwere ambiri. Dziko losiyidwalo linamera chire, nyama ndi kashembe zinaculuka, pamene m'marizevu anthu anapanikizana, mitengo inatha, ndipo nthaka inayamba kukokoloka. Mu 1941 Boma linagula malowo kwa kampani ndi kuyamba kubwezeramo midzi.

Nkhani ya migula ndi kasinthasintha wa mbeu inayambira pa bvuto limeneli. Mu 1948 Boma linayamba kukhazika alimi m'mafamu ang'onoang'ono m'dera la Katete, kuwapatsa ng'ombe, pulao ndi ngolo pa ngongole, ndi kuwalamula kuti azisintha mbeu m'munda ndi kuthira manyowa a m'khola. Sikuti onse anakondwera nao malamulowo, pakuti migula inali kukumbidwa mokakamiza, ndipo dzina lace linaipa pakati pa anthu kwa zaka zambiri. Komabe kulima ndi ng'ombe kunakhazikika kuyambira pamenepo, ndipo m'zaka zomwezo munabadwa mabungwe a cigwirizano ca alimi ogulitsa mbeu pamodzi. Pambuyo pace kunadza NAMBOARD, imene inagula mbeu kuyambira mu 1969 mpaka pamene inathetsedwa mu 1989. Lero bungwe la Boma logula cimanga ndi Food Reserve Agency, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, koma mbeu zambiri zimagulidwa ndi amalonda wamba ndi makampani. Mlimi wa masiku ano ali ndi ufulu wogulitsa kwa amene amfuna. Ndiponso alibe womteteza akagulitsa moipa.

NSHAWA, ULEMU WA CIGAWO

Palibe mbeu imene inachukitsa cigawo cino kuposa nshawa za Chalimbana. Maso ace ndi akuluakulu, okoma pokazinga, ndipo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 zinali kutumizidwa kutsidya kwa nyanja, kumene ogula anali kuzifuna cifukwa ca kukula ndi kukoma kwace. Msika umenewo unatayika, ndipo cimodzi mwa zifukwa zace cikali m'midzi mpaka lero.

Cifukwa cimeneco ndi cuku. Nshawa zikakhala pa cinyezi, kapena makoko ace akasweka zikali m'nthaka, zimamera cuku cimene cimabala ululu wochedwa aflatoxin. Ululu umenewu suoneka ndi maso nthawi zonse, sutha ndi kukazinga kapena kuphika, ndipo ukalowa m'thupi kwa zaka zambiri umaononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana. Maiko a ku Ulaya amayesa katundu yense wolowa, ndipo akapeza ululuwu wapitirira muyeso amabweza katunduyo. Tsono taonani cimene cimacitika m'midzi yambiri nthawi yoswa nshawa. Makoko ouma amapweteka zala, conco amai amawaza madzi pa mulu wa nshawa madzulo kuti m'mawa makoko afewe. Ena amawaza madzi kuti thumba lilemere pa sikelo. Onse awiri aitana cuku ndi manja ao. Woyambayo ndi wakumvera cifundo, pakuti kuswa matumba khumi ndi zala si nchito yamasewera, ndipo mankhwala ace ndi makina oswera amene alimi a m'mudzi umodzi angathe kusonkherana. Waciwiriyo ndi wakuba, ndipo abera anzace omwe, pakuti wogula akanyengedwa kamodzi amatsitsa mtengo kwa mudzi wonse.

Njira yopewera cuku njodziwika kwa alangizi onse. Nshawa zikumbidwe zitakhwima, pamene m'kati mwa khoko mwayamba kuda, osati kuzisiya m'nthaka mpaka ciswe ciziboole. Ziumitsidwe zikali ku mitengo yace, zosanjikizidwa pamulu wokhala ndi mpata wa mphepo pakati, osati kuziyala pa dothi kapena pa malata otentha. Zisungidwe m'makoko mpaka tsiku logulitsa liyandikire, matumba ali pa thandala, osakhudza pansi kapena cipupa. Zofota, zosweka ndi zakuda zisankhidwe ndi kutayidwa. Pano pali colakwa cina cofala: mai asankha zabwino kuti akagulitse, ndipo zoipa zija asinja nsinjiro zothira m'ndiwo ndi m'phala la mwana. Motero ululu wonse wa m'munda utsalira pa banja.

Chalimbana ali ndi bvuto lace lina. Amacedwa kukhwima, pafupifupi miyezi isanu, ndipo sapirira matenda a khate la nshawa amene amafalitsidwa ndi nsabwe za m'masamba. Mlimi amene ayamba ndi cimanga ndi thonje, nshawa nadzabzala Khrisimasi itapita, ndiponso motalikitsa mapando, ameneyo waitana nsabwe. Pa malo ofufuzira za ulimi a Msekera, pafupi ndi Chipata, panaturuka mitundu ina monga MGV 4 ndi MGV 5, imene ibereka koposa. Ogula alipo, ndipo ena a iwo, monga bungwe la COMACO, amapanga ciponde m'cigawo momwe muno. Nshawa zimasiyanso cakudya m'nthaka, kotero kuti cimanga cobzalidwa pamene panali nshawa caka catha cimaoneka cobiriwira ngakhale feteleza acepe, ndipo kaufiti sakula mphamvu monga acitira m'munda wa cimanga cokhacokha caka ndi caka.

THONJE, CIMANGA NDI TSIKU LOGULITSA

Thonje linakula m'manja mwa kampani ya Boma ya Lintco, imene inagulitsidwa kwa makampani wamba mu 1994. Kuyambira pamenepo makampani asintha maina ndi eni kambirimbiri, koma macitidwe ndi amodzimodzi: kampani ipereka mbeu ndi mankhwala pa ngongole, mlimi alima, ndipo pokolola kampani idula ngongole yace pa mtengo wa thonje. Pangano lotere limayenda pokhapokha mbali zonse ziwiri zikhulupirika. Ca m'ma 1999 ndi 2000 ogula anaculuka, alimi ambiri anatenga ngongole kwina ndi kugulitsa kwina, ndipo ulimi wa thonje unatsala pang'ono kugwa. Makampani naonso ali ndi mlandu wao, pakuti caka cimene mtengo ugwa pa msika wa maiko, cimene citsalira mlimi atadula ngongole sicilingana ndi thukuta la miyezi isanu ndi umodzi. N'cifukwa cace ambiri atembenukira ku soya ndi mpendadzuwa. Amene akali kulima thonje akumbukire kuti ulusi wa matumba a feteleza ukalowa m'thonje umaononga nsalu ku makina, ndipo thonje la Zambia linayamba kugulidwa pa mtengo wabwino pamene alimi analeka kutolera m'matumba otere.

Za cimanga palibe wofuna kuphunzitsidwa kuti ndico moyo. Cofunika kunena ndi ca tsiku logulitsa. Mwezi wa April ndi May, cimanga cisanaume n'komwe, ogula oyendayenda amafika m'midzi ndi sikelo zao ndi ndalama m'thumba. Nthawi imeneyo mlimi ali ndi ngongole, ana afuna za sukulu, ndipo ndalama ya m'manja imakoma. Agulitsa pa meda, pa mtengo wotsikitsitsa wa caka conse. Pofika January munthu yemweyo ali pa Katete Stores kugula cimanga comweco pa mtengo wokwera, kapena ali pa ganyu m'munda wa mnzace pamene wace ulowa chire. Banja liyambe lawerenga matumba odya mpaka kukolola kwina, liwapatule, ndipo zotsalazo ndizo za malonda. Amene angathe kudikira misika ya Food Reserve Agency adziwe kuti kumeneko amafuna cimanga couma bwino, ca cinyezi cosapitirira 12.5 peresenti, m'matumba a makilogramu 50. Alimi akasonkhanitsa mbeu zao ndi kugulitsa monga gulu, ndi sikelo yao yoyesedwa, wogula amalankhula nao mwaulemu.

Dzinja la 2023 mpaka 2024 linaonetsa poyera kuopsa kwa kudalira mbeu imodzi. Mvula inadula pakati pa dzinja cimanga ciri pafupi kumasula, ndipo pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Mabanja amene anali ndi dimba, kandolo, cinangwa, mbuzi kapena nkhumba anapeza pogwira. Mbozi zija zolowa m'mtima wa cimanga, zimene zinafika m'dziko muno kumapeto kwa 2016, nazonso sizinacoke.

Ziweto za dera lino ziri ndi adani awiri akale. Ng'ombe zimafa ndi matenda a nkhupakupa, makamaka ana a ng'ombe, ndipo dibi ndi katemera ndizo zozicinjiriza. Nkhumba zimafa ndi cigodola, cimene cinaoneka m'cigawo cino kale mu 1912 ndipo ciribe mankhwala. Ndico cifukwa cace a za ziweto amaletsa kuturutsa nkhumba m'cigawo popanda cilolezo, ndipo nkhumba yomangiridwa pa njinga kupita ku msika matenda ali m'mudzi imanyamula imfa kupita nayo ku makola a ena.

CIPATALA CA ST FRANCIS

Anthu ambiri a kutali amadziwa Katete cifukwa ca cipatala. Cipatala ca St Francis cinayambidwa mu 1948 ndi Francis Trefusis, wansembe wa Anglican amene analinso dokotala, ndipo Dr James Cairns anaciyendetsa kwa zaka zambiri kuyambira mu 1958. Lero chalichi ca Anglican ndi ca Katolika amaciyang'anira pamodzi mothandizana ndi Boma. Ciri ndi mabedi oposa 300 ndi sukulu ya anamwino, ndipo odwala amacokera m'maboma ozungulira ndi kutsidya kwa malire a Mozambique. Pa nkhani ya cuma, cipatala ndi msika wosatseka caka conse: anchito ace, ophunzira ndi osunga odwala onse afuna tomato, repu, mazira ndi nkhuku tsiku ndi tsiku, ndipo alimi a madimba ozungulira amadziwa zimenezi bwino.

KU MKAIKA

Kufupi ndi tauni kuli Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, mfumu yaikulu ya Acewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique. Akuluakulu amamasulira maina atatuwo motere: Kalonga ndiye wolonga mafumu, Gawa ndiye wogawa dziko, Undi ndiye wofungatira anthu ace monga mbalame ifungatira ana. Undi woyamba anapatukana ndi Kalonga ku Mankhamba, kufupi ndi nyanja ya Malawi, zaka mazana angapo zapitazo, nakamanga likulu lace ku Mano, dziko limene lero liri m'Mozambique. Mpando unasamukira mbali ino ya malire m'zaka za m'ma 1930. Ufumu umenewu umatsata kucikazi, ndipo mai wa ufumu amachedwa Nyangu. Amene ali pampando lero, Kalonga Gawa Undi Mkhomo V, analowa mu 2004 m'malo mwa Chivunga.

Caka ndi caka, Loweruka lotsiriza la August, kumacitika mwambo wa Kulamba. Unaleka m'masiku a boma la atsamunda ndipo unadzutsidwanso mu 1984. Pa tsikulo mafumu a m'maiko atatu amafika mmodzimmodzi pamaso pa Kalonga, kupereka mitulo ndi kufotokoza za dziko lao: ngati anthu akolola, ngati kuli matenda, ngati kuli mtendere. Mfumu iri yonse imadza ndi magule ace. Anamwali oturuka m'cinamwali amabvina, amai amabvina cimtali ndi citelele, ndipo zirombo za Gule Wamkulu zimaturuka ku dambwe, makanja ataliatali, Kasiyamaliro, ndi zina zosawerengeka. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu kukhala cimodzi ca cuma ca mwambo ca anthu a dziko lonse lapansi. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pamodzi pa bwalo la Mkaika.

Sabata imeneyo Katete amadzaza. Nyumba zogona alendo zimatha, ena agona m'misasa ya udzu ndi m'magalimoto. Khamu lonselo lifuna kudya, kumwa ndi kugula kanthu kopita nako kwao. Koma woyenda pakati pa misika ya pa Mkaika amaona kuti katundu wambiri ndi wocokera ku Lusaka ndi ku Chipata: zobvala za salaula, ziwiya za pulasitiki, zakumwa za m'mabotolo. Ndalama ibwera ndi alendo, ndipo icokanso ndi alendo ena. Cikhalireco August ndi mwezi umene nshawa zauma, kandolo alipo, madimba ali pacimake, ndipo manja apumula ku khasu. Mlendo wocokera ku Lusaka angakondwere kugula nshawa zosankhidwa bwino m'kathumba koyera, ciponde, uci, mphasa, nsengwa, mipando ya nsungwi ndi mitondo. Zotere sizikonzeka m'sabata imodzi. Gulu la amai kapena la alimi lofuna kugulitsa pa Kulamba liyenera kuyamba kuluka ndi kusankha mu June, ndi kukapempha malo kwa okonza mwambo nthawi ikalipo.

Alendo naonso ali ndi zowayenera. Gule ali ndi malamulo ace, ndipo munthu wosalowa safika ku dambwe, safunsa za amene ali m'kati mwa cirombo, ndipo sajambula cithunzi asanapemphe.

ZOLEMBA ZA M'MAPANGA

Cuma cina ca Katete ncosadziwika ngakhale kwa ambiri obadwira momwemo. M'mapiri a dera lino muli mapanga okhala ndi zithunzi zojambulidwa pa mwala. Pa phanga la Makwe, katswiri wofukula zakale David Phillipson anakumba m'zaka za m'ma 1960 napeza zida zamwala zosonyeza kuti anthu anakhalapo zaka zikwi zingapo zapitazo, alimi ndi osula citsulo asanafike. Zithunzi zofiira za m'mapanga a cigawo cino ndizo zakale koposa, ndipo mbiri ya makolo imati nza Akafula, anthu aafupi osaka nyama amene Acewa anawapeza m'dziko. Zoyera nza pambuyo pace, ndipo nza makolo a Acewa eni ace. Zina zinali zophunzitsira anamwali, ndipo zina, monga za pa phanga la Mkoma, akatswiri amazigwirizanitsa ndi zirombo za Nyau.

Malo amenewa amatetezedwa ndi lamulo pansi pa National Heritage Conservation Commission, koma lamulo siligona kuphanga. Anyamata obusa ng'ombe amasonkha moto pansi pa mwala pothawa mvula, ndipo mwaye uphimba zithunzi. Ana a sukulu amalemba maina ao ndi makala pamwamba pa zojambula za zaka mazana. Ena amathira madzi kuti cithunzi cioneke bwino, osadziwa kuti acisukulutsa. Cithunzi cotere cikafafanizika palibe mmisiri angacibwezere. Mitengo ya m'mapiri nayonso ikutha ndi ootca makala, ndipo phiri likayera madzi a mvula amatsika ndi liwiro, kukumba zigwembe m'minda ya m'munsi ndi kukwirira madimba ndi mcenga. Nyakwawa imene iletsa nkhwangwa ndi moto kuzungulira phanga yasunga zithunzi ndi minda pamodzi.

Wofuna kukaona mapangawa ayambe wafika kwa nyakwawa ya mudzi wapafupi ndi kupempha munthu womperekeza, ndipo ndi bwino kupita m'cilimwe, pakuti miseu ya kumeneko imabvuta m'dzinja. Amene ali ndi masiku angathe kupitiriza ulendo. Pa mseu wa ku Chipata pali Mtenguleni, pamene Angoni amacita mwambo wa Nc'wala kumapeto kwa February. Kumpoto kuli mishoni yakale ya Msoro, imene inayambidwa ndi wansembe Leonard Kamungu, amene anamwalira komweko mu 1913. Ndipo kudzera ku Chipata mseu wa tara utsikira ku Mfuwe, pa cipata ca nkhalango ya nyama ya South Luangwa, kumene mahotela a alendo amagula ndiwo zamasamba, mazira ndi zipatso caka conse kwa alimi okhoza kupereka katundu wabwino pa tsiku lopangana.